Kubena filimu pa DVD osataya mawu apansi

Filimu ya ku Korea mwaionera pa kompyuta bwinobwino, mawu achingelezi akuyenda pansi pake. Mwaibena pa chimbale kuti anthu akaonere kunyumba. Madzulo banja lonse lakhala pamkeka, chimbale chalowa, anthu a mufilimumo akulankhula, koma pansi pali mbee! Ambiri amathamangira kunena kuti chimbalecho n'chabodza kapena DVD yatha ntchito. Vuto nthawi zambiri silikhala pamenepo. Mawu apansiwa, omwe obena amawatcha masabutaito, kawirikawiri sakhala mbali ya chithunzi. Amangoyenda nacho limodzi, ndiye mukapanda kuwanyamula mwadala amatsalira pa kompyuta.

1. Pezani kaye kumene mawuwo akukhala

Tsegulani filimuyo mu pulogalamu ya VLC, mudine batani la V. Mawu akazima kapena kusintha chinenero, ndiye kuti ndi apadera. Akapanda kusuntha, anasindikizidwa kale m'chithunzi, ndipo mutha kubena opanda nkhawa.

Mawu apadera amakhala malo awiri. Ena ali m'kafayilo kakang'ono kothera ndi .srt, kamene kamakhala pambali pa filimuyo. Mukakatsegula ndi Notepad muona manambala, nthawi yonga 00:01:15,200, kenako chiganizo choyenera kuoneka pa nthawiyo. Ena amabisala m'kati mwa filimu momwemo, makamaka ikakhala ya MKV. Amenewa atulutseni ndi Subtitle Edit, pulogalamu yaulere: tsegulani fayilo ya MKV, sankhani chinenero, sungani ngati SRT.

2. Konzani kafayilo ka mawu

Posunga, sankhani UTF-8. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene mukulemba nokha mawu achichewa, mwina pa vidiyo ya ukwati kapena ya kwaya yoti aonere osamva. Chilembo cha ŵ sichipezeka m'kasungidwe kakale ka ANSI, choncho Malaŵi akhoza kutuluka ndi chizindikiro cha funso pakati.

Onaninso ngati mawu akugwirizana ndi milomo. Mu VLC, mabatani a G ndi H amasuntha mawu pang'onopang'ono, koma amangothandiza poonera, sasintha fayilo. Kukonza kwenikweni chitireni mu Subtitle Edit. Mawu akamayamba bwino kenako n'kumasiyana ndi zochitika filimu ikamapita, vuto ndi liwiro. Mafilimu ambiri amayenda zithunzi 23.976 pa sekondi, pamene PAL, njira ya TV yomwe timagwiritsa ntchito kuno, imayenda 25. Filimu ya maola awiri ikathamangitsidwa kuti ifike pa 25 imafupika ndi mphindi pafupifupi 5, ndiye mawu a mtundu umodzi sangakwanire pa unzakewo. Pitani pa Synchronization, musankhe Change frame rate.

3. Sankhani: osindikizidwa kapena ozimitsika

Apa ndi pogona nkhani. Dzifunseni kuti chimbalecho akaonera ndani.

Ngati chikupita kwa agogo kumudzi, kumene rimoti inasowa kalekale, sindikizani mawuwo m'chithunzi. Tsegulani filimu mu pulogalamu ya HandBrake, pitani pa Subtitles, lowetsani fayilo ya SRT, muchonge pa Burn In. Mawu otere aoneka pa makina alionse. Kuipa kwake n'kwakuti mungasindikize chinenero chimodzi chokha, ndipo simudzawachotsanso. HandBrake sipanga DVD. Imangokupatsani filimu yatsopano yoti mupitirire nayo pa gawo lotsatira.

Ngati mukufuna kuti woonera azisankha yekha, Chichewa kapena Chingelezi, asiyeni ozimitsika. DVD imatha kunyamula mawu a zinenero mpaka 32. Koma dziwani kuti siwerenga zilembo ayi. Chiganizo chilichonse chimasandutsidwa kachithunzi ka mitundu yosapitirira inayi kamene kamayalidwa pamwamba pa filimu. N'chifukwa chake kungoponya fayilo ya SRT pambali pa VIDEO_TS, foda yosunga filimu pa DVD, sikuthandiza kanthu.

4. Pangani DVD

Gwiritsani ntchito DVDStyler kapena DVD Flick, zonse n'zaulere. Sankhani PAL, lowetsani filimu, kenako tsegulani zosankha za filimuyo muwonjezere fayilo ya SRT ndi kutchula chinenero chake. Ichi ndi chimene ambiri amadumpha, poganiza kuti pulogalamu iwatola yokha mawuwo.

Zilembo zikhale zoyera kapena zachikasu, zokhala ndi mphepete zakuda, kuti zioneke ngakhale munthu wa mufilimu atavala malaya oyera. Zikuzeni ndithu, chifukwa chithunzi cha DVD ndi 720 kwa 576 basi, ndipo tizilembo tating'ono timafufutika. Zikwezeninso pang'ono. Ma TV akale achimutu aja amadya m'mbali mwa chithunzi, ndipo mzere wachiwiri wa mawu ndi umene umayamba kulowa pansi.

5. Yesani musanabene

Musauze pulogalamu kuti ibene nthawi yomweyo. Ipange kaye fayilo ya ISO, yomwe ndi kope la chimbale chonse, muitsegule mu VLC, muone koyambirira, pakati ndi kumapeto. Chimbale cha DVD-R chimabenedwa kamodzi kokha. Mukalakwitsa chasanduka choopsezera mbalame kumunda.

6. Benani modekha

Tsegulani ISO ija mu pulogalamu ya ImgBurn, muchepetse liwiro lifike pa 4x, muchongenso pa Verify. Chimbale wamba chimanyamula 4.7 GB. Filimu ikapitirira kwambiri maola awiri, gulani cha 8.5 GB kusiyana n'kuifinya mpaka nkhope ziphwanyike.

Njira yachidule

Makina ena, makamaka olembedwa DivX kutsogolo, amasewera mafayilo a AVI mwachindunji. Kwa amenewa ingokoperani filimu ndi SRT yake pa chimbale, m'foda imodzi, mayina ofanana ndendende: ukwati.avi ndi ukwati.srt. Yesani kaye pa fulashi ngati makinawo ali ndi polowetsa, makamaka filimu ikakhala ya MKV, chifukwa ambiri akale saidziwa.

Mukafika nacho kunyumba mawu osaoneka, musachitaye msanga chimbalecho. Ma DVD ambiri amayamba mawu ali ozimitsidwa. Tengani rimoti, mudine batani la Subtitle kamodzi kapena kawiri.