Kugula kaunjika pa foni

FUNSO: Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Pa gulu lathu la WhatsApp amagulitsa madilesi ndi zikwama, ndipo katundu amapita kwa wotchula mtengo wokwera. Ndichite bwanji kuti ndisapusitsidwe?

YANKHO: Mayi, dziikireni malire musanayambe. Mpikisano umatenthetsa mutu, mpaka dilesi kudula kuposa la mumsika wa Limbe. Pemphani kanema woonetsa misoko, zipi ndi m'khwapa, poti ndimo mumabisala zilema za kaunjika. Saizi ya ku China ndi ya ku Ulaya sizifanana, choncho wogulitsa ayeze ndi tepi. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, onetsetsani kuti dzina lotuluka ndi lake. Akakana zoti mudzalipire katundu atafika pa Thyolo Boma, musiyeni ameneyo.