Wothawa nkhondo amalandiridwa bwanji m'Malawi?

Ife a ku Chezi sititalikirana ndi Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo m'boma lathu lino la Dowa. Ena timakagula ndi kugulitsa pamsika wake wa Lachiwiri. Kale malowa anali ndende ya akaidi a ndale, ndipo adasanduka msasa m'chaka cha 1994. Ambiri okhalamo ndi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Munthu akathawa nkhondo kapena nkhanza n'kulowa m'dziko muno, amadzionetsa kwa akuluakulu a boma ndi kupempha chitetezo. Amamulemba m'kaundula, kumujambula ndi kutenga zidindo za zala zake. Kenako amamufunsa mafunso: wachokera kuti, wathawa chiyani, ndipo akabwerera chingamuchitikire n'chiyani. Komiti ya boma, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1989, ndiyo imagamula. Ikamuvomereza, amapatsidwa chiphaso. Podikira yankho, lamulo silola kumubweza komwe moyo wake uli pachiswe. Mfundo yaikulu ndi imeneyi.

Anthu akabwera chipwirikiti, boma limatha kuwalandira onse pamodzi osayamba lafunsa mmodzimmodzi. Ndi mmene zidakhalira ndi anzathu a ku Mozambique othawa nkhondo ya kwawo, amene adaposa 1 miliyoni m'dziko muno. Mtendere utasainidwa mu 1992, ambiri adabwerera kwawo.

Chitetezochi n'chongoyembekezera. Sichisandutsa munthu kukhala nzika ya Malawi. Chimatha kwawo kukakhala bata iye n'kubwerera, kapena dziko lina, monga Canada kapena America, likamutenga kuti akakhazikike kumeneko. Mwayi wachiwiriwu umagwera ochepa kwambiri.

Vuto ndi loti nkhondo zina sizitha msanga. Msasa wa Dzaleka udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ndipo ena adabadwira momwemo, pano ali ndi ana awoawo. Boma limafuna kuti azikhala mumsasa, ndipo mu 2023 lidabwezako amene ankachita malonda m'matauni. Mabungwe a UNHCR ndi WFP amathandiza, koma thandizolo silikwanira. Kuuza munthu wamanja ake kuti adikire zaka 20 osaloledwa kugwira ntchito kunja kwa msasa n'kumulemetsa mtolo.

Kambiranani m'gulu lanu: chiphaso cha wothawa kwawo chimamuteteza ku chiyani, nanga sichimulola kuchita chiyani? Kenako lembani m'kope mwanu mayina a mayiko atatu amene anthu a ku Dzaleka adachokera.