Silverlight, ngolo yopanda ng'ombe

Anzanga, makamaka inu a kalabu ya kompyuta, mu laibulale muja muli buku lonenepa lomwe linabwera m'makatoni a mabuku othandizidwa, lili ndi CD kuchikuto chakumbuyo. Limaphunzitsa Silverlight. Musanalibwereke tawerengani izi kaye.

Ine ndinkafuna kupanga kamasewero ka mafunso a Agriculture okonzekera JCE, koti ukadina yankho lolondola chimanga chizimera pa sikirini, ukalakwa chizifota. Masabata atatu ndinkakopera makodi a m'bukumo m'kope, usiku ndi tochi, amayi akudandaula za mabatire. Tsiku lomwe sola inatipatsa moto wokwanira ndinayika CD ija kuti ndione kaye chitsanzo cha eni bukuwo. Pa Chrome panangotuluka kabokosi kondiuza kuti ndiyike Silverlight. Basi. Aphunzitsi atabwera anangoseka n'kuti, "Mwana iwe, zimenezi zinatha kalekale." Ndinakwera njinga tsiku limenelo osalankhula ndi munthu. Kenako ndinawafunsa bwino, ndiye zimene ndaphunzira ndi izi.

Chrome, Firefox ndi Opera Mini ya m'mafoni mwathumu ndi mabulawuza, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti. Kale bulawuza inkatha kuonetsa mawu ndi zithunzi, koma kanema, nyimbo ndi masewero zinkaivuta. Ndiye makampani anapanga kapulogalamu kena kowonjezera, kotchedwa plugin, komwe munthu ankayenera kukaika yekha pa kompyuta yake. Tiyerekeze kuti bulawuza ndi ngolo, plugin ndi ng'ombe zobwereka kwa aneba. Ngolo imayenda bwinobwino, koma mwini ng'ombe akazitenga, chimanga chako chimagona kumunda.

Plugin yotchuka kwambiri inali Flash, yomwe kampani ya Adobe inaitenga mu 2005 itagula Macromedia. YouTube inayamba chaka chomwecho ndipo mavidiyo ake ankayendera Flash. Microsoft nayo inatulutsa Silverlight mu 2007. Netflix inaigwiritsa ntchito kwa zaka zingapo, komanso ku America anthu anaonera Olympics ya ku Beijing ya 2008 pa intaneti kudzera mwa iyo. Sichinali chinthu chachibwana ayi.

Kagwiridwe kake ndi komwe kanandikoka mtima. Ntchito imagawidwa pawiri. Maonekedwe, monga mabatani, mitundu ndi malo a chithunzi, umalemba m'chilankhulo chotchedwa XAML. Zochita zake, monga kuona ngati yankho ndi lolondola n'kuwonjezera malikisi, umalemba mu C#. Batani langa linali lotere:

<Button Content="Yankha" Click="OnaYankho"/>

Mzerewu ukuti, jambula batani lolembedwa "Yankha", munthu akalidina kaitane ntchito yotchedwa OnaYankho. Zonsezi zimamangidwa pamodzi m'fayilo imodzi yothera ndi .xap. Munthu akatsegula tsamba, bulawuza imakoka fayiloyo n'kuipereka kwa plugin, ndipo plugin ndi imene imayendetsa zonse m'kabokosi kake. Tsamba silikhala likutsegukanso nthawi iliyonse ukadina. Kwa ife amene bandulo imatha ngati shuga wa m'kapepala, mfundo imeneyi ndi yabwino ndithu.

Nanga zinafa bwanji? iPhone itatuluka mu 2007 sinalole Flash, ndipo mu 2010 Steve Jobs analemba kalata yofotokoza zifukwa zake: inkadya batire, inali ndi mipata yolowera akuba a pa intaneti, komanso inapangidwira mawusi osati chala. Anthu atathamangira ku mafoni, maplugin anatsala. Mabulawuza nawo anali ataphunzira kuonetsa kanema ndi zojambula zoyenda paokha kudzera mu HTML5. Chrome inasiya kulandira Silverlight mu 2015. Adobe inasiya Flash pa 31 December 2020, ndipo Microsoft inasiya Silverlight mu October 2021. Buku lathu lija linafika kuno maliro atachitika kale.

Komabe sindikuti likasonkhezere moto. Nzeru yogawa maonekedwe ndi zochita ikadalipo, kungoti lero maonekedwe ndi HTML ndi CSS, zochita ndi JavaScript. Taonani batani lomwe lija:

<button onclick="onaYankho()">Yankha</button>

Sizikufanana ngati mapasa? Ili umangolemba mu Notepad, n'kusunga fayilo ndi dzina lothera ndi .html, n'kuitsegula. Sipafunika plugin, sipafunikanso bandulo.

Pano kamasewero kanga kali ndi mafunso 12 ndipo kakuwerenga malikisi. Chimanga chokha n'chomwe chikukana kufota, munthu akalakwa chikungosowa chonse ndi phesi lomwe. Amene ali ndi mapepala akale a JCE abwere nawo Lachitatu tikaweruka, ndikufuna mafunso afike 40 mayeso oyeserera asanayambe. Bwerani msanga, mitambo ikachita bii sola imathimitsa makompyuta isanakwane 3 koloko.