Ilhaad: mawu omwe ndinawamvetsa nditaima kumanda



Chaka chatha ndinamulakwira mnzanga wina. Tinkakambirana nkhani ya Dini pa gulu lathu la WhatsApp, iye n'kufunsa funso lomwe silinandikomere. Mopupuluma ndinangolemba kuti, "Iwe ndiwe mulhid basi." Sanayankhe, anangotuluka pa gulupo. Ine ndinkadziona ngati ndateteza Chisilamu, chonsecho mawu omwe ndinamugenda nawowo sindinkadziwa n'komwe tanthauzo lake lenileni.

Patapita miyezi ingapo agogo anga aamuna anamwalira. Tili kumanda, ndinaona anyamata atamaliza dzenje akukumbanso kachipinda cha m'mbali, ku mbali ya Qibla, momwe timagonekamo mtembo. Shehe anakatchula kachipindako kuti lahd. Pobwerera ndinawafunsa za mawuwa, ndipo anandiuza kuti lahd, ilhaad ndi mulhid ndi ana a mimba imodzi. Mtima unagunda, ndinamukumbukira mnzanga uja. Ndiye lero tiyeni tiwaphunzire limodzi mawu amenewa.

Mawu ambiri a Chiarabu amamera pa muzu wa zilembo zitatu. Muzu wa awa ndi laam, haa ndi daal, ndipo ganizo lake ndi kupatuka pakati n'kupendekera kumbali. Manda a Chisilamu alipo a mitundu iwiri. Shaqq ndi pomwe akumba ngalande pakati pa dzenje, pomwe lahd ndi pomwe asiya pakati n'kulowera cham'mbali. Manda a Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anali a lahd, ndipo anawakumba ndi swahaba Abu Talha. Choncho lahd payokha si mawu oyipa ayi. Koma pa muzu womwewo panatuluka ilhaad, kutanthauza kusiya njira yowongoka n'kukhotera ku zosayenera pa zinthu zomwe Allah anazipatula. Wochita zimenezo ndiye mulhid.

Mu Qur'an yolemekezeka tiwone malo atatu. Mu Surah Al-A'raaf ndime 180 akunenedwa anthu opotoza mayina a Allah. Maulama a tafsir amapereka chitsanzo cha Arabu akale omwe anatenga dzina la Al-Aziz n'kulikhotetsa kukhala Al-Uzza, dzina la fano lawo. Mu Surah Fusswilat ndime 40 akunenedwa opotoza ma ayah a Allah, ndipo akuchenjezedwa kuti sangamubisalire. Mu Surah Al-Hajj ndime 25 nkhani yake ndi ya malo: munthu wofuna kuchita zokhota ndi zachinyengo mu Msikiti Wopatulika wa ku Makkah akulonjezedwa chilango chowawa. Mwaona? Dzina lopatulika, mawu opatulika, malo opatulika. Ilhaad ndi kutenga chinthu cholemekezeka n'kuchichotsa pamalo pake.

Mbiri ili ndi zitsanzo zoopsa za ilhaad ya mu Haram. M'chaka cha 930, gulu la Aqaramita motsogozedwa ndi Abu Tahir al-Jannabi linalowa mu Makkah nyengo ya Hajj. Anapha mahaji, n'kuponya mitembo m'chitsime cha Zamzam, kenako anazula Hajar al-Aswad pa Ka'bah n'kupita nawo kum'mawa kwa Arabia. Mwalawo unakhala kumeneko zaka pafupifupi 22 usanabwezedwe. Chaposachedwa, pa 20 November 1979, tsiku loyamba la chaka cha 1400 pa kalendala ya Hijri, Juhayman al-Otaybi ndi anthu ake analanda Msikiti wa Haram ali ndi mfuti, ndipo nkhondo yake inatenga pafupifupi masabata awiri. Chomwe chimandiopsa pa nkhani yachiwiriyi n'chakuti anthuwa ankaswali, ankawerenga Qur'an, ndipo ankakhulupirira kuti akuyeretsa Dini. Kukhetsa magazi pafupi ndi Ka'bah ankakuona ngati ntchito yabwino.

Mwina wina anena kuti, "Aaa, izo ndi za anthu a mfuti, ine zikundikhudza pati?" Dikirani kaye. Maulama oyambirira sanawasungire mawuwa anthu akupha okha. Pothirira ndemanga pa ndime ya mu Surah Al-Hajj ija, ena anaikamo ngakhale kubisa chakudya mu Makkah podikira kuti mtengo ukwere. Zikunenedwanso kuti mmodzi mwa maswahaba ankamanga matenti awiri, ina mkati mwa malire a Haram, ina kunja. Akafuna kuswali ankalowa ya mkati, koma akafuna kukalipira a pabanja pake ankapita ya kunja, kuopa kuti mawu aukali angasanduke ilhaad. Tangoganizani, munthu kusamuka tenti chifukwa cha lilime lokha!

Masiku ano m'Chiarabu mawuwa anasintha kagwiritsidwe. Mukamva pa TV kapena kuwerenga pa intaneti kuti uje ndi mulhid, kawirikawiri akutanthauza munthu wokana kuti kuli Mulungu. Apa ndi pomwe ndinazindikira kulemera kwa zomwe ndinachita. Mnzanga uja amaswali, amasala Ramadhan, anangofunsa funso basi. Ine ndinamuveka dzina la munthu wokana Allah. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatichenjeza kuti munthu akamutchula m'bale wake kuti ndi kafiri pomwe sali choncho, mawuwo amamubwerera mwini wake. Ndipo pa Hajj yake yotsanzika, chaka cha 10 cha Hijri, anaphunzitsa kuti magazi, chuma ndi ulemu wa Msilamu n'zopatulika monga momwe lilili tsiku lija, mwezi uja ndi mzinda uja. Ndiye pakati pa ine ndi mnzangayo, yemwe anaponda chopatulika anali ndani?

Sindikunena kuti tchimo lililonse tizilitcha ilhaad, kapena kuti mzikiti wa kwathu kuno uli ndi malamulo ofanana ndi a Haram ya ku Makkah. Zigamulo zotere tiwasiyire maulama. Chomwe ndatolapo ine n'chakuti wokumba lahd sayambira patali. Amaima m'dzenje lomwelo, n'kungotembenuza khasu pang'ono. Kupeputsa zopatulika nakonso kumayamba motero. Lero waseka nthabwala yomwe aseweretsa ayah ya Qur'an, mawa waitumiza kwa anzako. Lero walumbira "Wallahi" pa bodza la mtengo wa foni, mawa dzina la Allah silikulemeranso pakamwa pako. Khutbah ili mkati iwe uli pa TikTok, ndipo mtima sukugundanso.

Sabata ino tiyeni aliyense adzifufuze yekha, asayambe ndi mnzake. Ndi chiyani chomwe kale unkachiopa koma pano umachichita uku ukuseka? Ndi ndani yemwe unamutcha dzina loti sungathe kuliikira umboni pamaso pa Allah?

Ine mnzanga uja ndinamuimbira foni titangotha masiku a maliro. Ndinapepesa, iye anati wamva, koma pa gulu paja sanabwererepo mpaka lero. Ndimamupempherabe, ndipo inunso mundipemphere.

Allah atikhululukire pomwe tinakhota, ndipo atibwezere pa njira yowongoka tisanagonekedwe mu lahd. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.