Chilungulira

Anthu ambiri a ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota, ndi asodzi ndiponso alimi a chinangwa. Msodzi akachoka kunyanja ali wotopa amadya kondowole wambiri ndi usipa wothira tsabola, kenaka nkugona pomwepo. Posakhalitsa amadzuka akumva kutentha pachifuwa ndi madzi owawasa kukhosi. Vuto limeneli ndi chilungulira.

Chakudya tikachimeza chimatsika kummero nkukalowa m'chifu. M'chifumo muli madzi owawasa otchedwa asidi, amene amathandiza kugaya chakudya. Polowera m'chifu pali mnofu umene umatseka njira ngati chitseko. Mnofuwu ukafooka, asidi amabwerera kummero ndipo amawotcha. Munthu amageya kawirikawiri, amatsokomola usiku, ndipo mawu ake amasasa.

Aliyense akhoza kumva chilungulira akadya mbatata yambiri kapena zakudya zamafuta. Koma chikamabwera kawiri kapena kuposerapo pa sabata, amenewo ndi matenda. Akalekereredwa, kummero kumachita zilonda.

Wodwala adye pang'onopang'ono, osakhuta kwambiri. Akadya apumire maola 3 asanagone, ndipo asawerame kusinja kapena kulima ali chikhutire. Akweze kumutu kwa bedi ndi njerwa, ndiponso agonere kumanzere. Aleke fodya ndi mowa, achepetse tsabola. Asamwe aspirin kapena Brufen popanda kuuzidwa ndi dokotala, pakuti mankhwalawa amapweteka chifu.

Ena amanyambita phulusa kapena kumwa soda. Zimenezi sizichiza matendawa. Kuchipatala amapereka mankhwala monga magnesium trisilicate, wozimitsa ukali wa asidi, ndi omeprazole, wochepetsa asidi m'chifu.

Inu ana, mukaona agogo kapena makolo anu akulephera kumeza nsima, akuwonda, akusanza magazi, kapena akudandaula kuti chimbudzi chawo nchakuda bii, auzeni apite kuchipatala msanga. Zizindikiro zimenezi zikhoza kukhala za matenda aakulu, monga khansa ya kummero, imene imapha anthu ambiri m'dziko lathu lino.

Mafunso
1. Kodi asidi amagwira ntchito yanji m'chifu?
2. Nchifukwa chiyani si bwino kugona titangotha kudya?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.
4. Pangani ziganizo ndi mawu awa: kugeya, kusasa, chifu.