Ulendo Wokathandiza ku Kayelekera: Zoyenera ndi Zosayenera kwa Ophunzira

Sukulu zikatsekera, magulu a ophunzira amanyamuka kukagwira ntchito zongodzipereka kutali ndi kwawo. Ena amachokera ku Ulaya kapena ku America, ena ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Tete, ndipo kawirikawiri amaperekezedwa ndi anzawo a m'sukulu zaukachenjede za kuno kwathu. Malangizo awa ndi a gulu lotere ngati lalinga ku Kayelekera, dera la mapiri lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa tauni ya Karonga, kulowera ku Chitipa.

Anthu a ku Kayelekera sanayambe lero kulandira alendo. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu kumeneku mu 2009. Mgodiwo unaima mu 2014, mtengo wa miyalayi utagwa potsatira ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ya mu 2011. Kampani ya Lotus Resources inaugula mu 2020, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. M'zaka zonsezi kwafika akatswiri, atolankhani, amabungwe ndi ochita kafukufuku, aliyense ndi mafunso ake, ena ndi malonjezo. Tsono inu obwera kwa milungu iwiri kapena itatu, dziwani kuti eni dera anaona zambiri. Pitani ngati ophunzira, iwo akakhale aphunzitsi anu.

1. Chilolezo

*Zoyenera:* Lemberani ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Karonga ulendo ukadali patali. Mukafika, yambani mwakaonekera kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi, mufotokoze amene wakutumani, chomwe mwadzera ndi tsiku lomwe mudzachoke. Ochokera kunja auze akuluakulu oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko cholinga chenicheni cha ulendo wawo, kaya alowera pa Songwe, pa Mchinji kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu.

*Zosayenera:* Musayandikire mpanda wa mgodi, kuujambula kapena kuulutsa drone popanda chilolezo cholembedwa. Mu December 2016, nzika zisanu ndi zitatu za ku Tanzania zinamangidwa m'dera lino. Izo zinkati zabwera kudzaphunzira momwe mgodi wa yureniyamu umakhudzira anthu, poti nakonso kwawo kunali mapulani otsegula wina, koma zinaimbidwa mlandu wolowa malo a eni popanda chilolezo ndipo zinakhala m'ndende mpaka April 2017. Cholinga chabwino sichilowa m'malo mwa kalata. Safunsa anadya phula.

2. Kusankha ntchito

*Zoyenera:* Funsani makomiti a sukulu, a mjigo ndi a zaumoyo chomwe iwo anayamba kale ndipo chikuwakanika. Mwina njerwa anaumba koma malata palibe. Mwina mjigo unafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi kopezeka ku Karonga kapena ku Mzuzu. Ikani mphamvu zanu pamenepo. Pamsonkhano onetsetsani kuti amayi ndi achinyamata alankhulapo, chifukwa otunga madzi ndi otola nkhuni ndiwo adziwa pamene pakuwawa.

*Zosayenera:* Musabwere ndi ntchito yomwe munaimanga kale mfundo muli kwanu. Chipinda cha makompyuta pa sukulu yopanda woti aziwakonza chimangokhala chotseka. Mitengo yodzalidwa mu July, popanda wothirira mpaka mvula ya December, siiona Khrisimasi.

3. Ntchito zofuna luso

*Zoyenera:* Lembani amisiri a m'deralo ndipo muwalipire mokwanira. Inu tutani mchenga, pondani matope, perekerani njerwa. Mu December 2009 zivomerezi zinagwetsa nyumba ndi zipinda zophunziriramo zambiri m'boma la Karonga, choncho khoma lomwe ana azikhala pansi pake liyenera kumangidwa ndi wodziwa ntchitoyo. M'kalasi khalani othandizira mphunzitsi, mutsate silabasi yomwe iye akutsata.

*Zosayenera:* Musachite kwa eni chimene simungaloledwe kuchita kwanu. Wophunzira zaudokotala amene sanamalize sukulu sayenera kubaya jakisoni, kugawa mankhwala kapena kuchiritsa amayi oyembekezera popanda womuyang'anira wovomerezeka. Wodwala wa ku Kayelekera si wophunzirirapo. Musalandenso ganyu m'manja mwa mnyamata wa m'mudzi pogwira ulere ntchito yomwe iye akanagulira sopo ndi mchere.

4. Nkhani ya mgodi ndi madzi

*Zoyenera:* Mvetserani. Mudzamva ena akuyamika mgodi chifukwa cha ntchito ndi malonda, ena akudandaula za fumbi ndi madzi. Mtsinje wa Sere, womwe umadutsa pafupi ndi mgodi, umathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amakathira m'nyanja ya Malawi kufupi ndi tauni ya Karonga. N'chifukwa chake nkhani ya madzi a kuno imakhudza ngakhale asodzi a kunyanja. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2016 linapeza kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya m'bomali sankauzidwa mokwanira za chiopsezo pa thanzi lawo. Ngati mukufunadi kuthandiza, afotokozereni anthu za lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo athandizeni kulemba kalata yofunsa zotsatira za kuyeza madzi.

*Zosayenera:* Musalengeze kuti madzi ali ndi poizoni, musalengezenso kuti ndi abwino, pamene simunawayeze ndipo mulibe ukatswiri wake. Mawu a munthu wa ku yunivesite amalemera m'mudzi. Mphekesera imodzi ingasiyitse banja mjigo wabwino n'kukatunga pa chithaphwi. Musasandutsenso ulendo wokathandiza kukhala kafukufuku wamseri, chifukwa kufunsa anthu za matenda awo kumafuna chilolezo cha oyang'anira kafukufuku ndi cha eni akewo.

5. Chilankhulo ndi khalidwe

*Zoyenera:* Phunzirani moni ndi kuthokoza m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka musananyamuke, ndipo pezani womasulira wa komweko. Valani modzilemekeza, atsikana asaiwale chitenje. Mukapatsidwa mbalagha, kondowole kapena mpunga wa Kilombero, landirani ndi manja awiri. Kukagwa maliro, imitsani ntchito mukakhale nawo pa siwa. Tsiku lopuma kaoneni nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, mukaone mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus ndi kumva mbiri ya a Kyungu, mfumu yaikulu ya Ankhonde.

*Zosayenera:* Inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, musaganize kuti aliyense ayenera kukuyankhani m'Chichewa. Nanunso kuno ndinu alendo. Musaseke kalankhulidwe ka munthu, musayende ndi botolo la mowa pamaso pa ana asukulu, ndipo zibwenzi za milungu iwiri zisiyeni, chifukwa wotsala ndi manyazi kapena mimba si inu.

6. Ana, zithunzi ndi mphatso

*Zoyenera:* Pemphani musanajambule munthu, ndipo kwa mwana pemphani kholo lake. Nenani komwe chithunzicho chikapite. Mabuku, mipira ndi zolembera ziperekedwe kwa mphunzitsi wamkulu pamaso pa komiti, zilembedwe m'kaundula wa sukulu.

*Zosayenera:* Musasake mwana wa malaya ong'ambika kuti anzanu a pa Facebook akuyamikireni. Musamwaze maswiti kapena ndalama pa windo la galimoto, chifukwa kutero n'kuphunzitsa ana kuthamangira galimoto ndi kupempha. Musakhale ndi mwana wa eni awiriwiri m'chipinda.

7. Thanzi lanu

*Zoyenera:* Gonani m'neti, imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo ochokera kumaiko opanda malungo amwe mankhwala oteteza monga anawauzira dokotala. Dziwani nambala ya mlangizi wa zaumoyo, ndipo pakhale galimoto yoti n'kuthamangira nayo ku chipatala chachikulu cha Karonga.

*Zosayenera:* Musabise kutentha thupi poopa kusokoneza gulu. Musawoloke mtsinje wodzadza m'dzinja, ndipo dzuwa la October musalichite makani.

8. Potsanzika

*Zoyenera:* Werengani poyera ndalama zomwe zalowa pa ntchito ndi zomwe zatsala. Siyani zipangizo ndi malisiti m'manja mwa komiti, ndipo mugwirizane amene azisamalira chomwe chamangidwa. Lipoti lomwe mukalembe kusukulu kwanu litumizidwenso kwa amfumu ndi kwa mphunzitsi wamkulu, m'chilankhulo chomwe angawerenge.

*Zosayenera:* Musalonjeze fizi, foni kapena ulendo wa kunja chifukwa cha chisoni cha tsiku lomaliza. Mtsikana amene mwamuuza kuti mudzamulipirira sekondale adzadikira ndithu, ndipo makolo ake adzasiya kufunafuna njira zina. Ndi bwino kunena kuti "sindingathe" kusiyana n'kusiya munthu akuyang'ana kunjira.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma a ku Kayelekera adzakhalabe ndi mgodi, mitsinje ndi sukulu zawo inu mutapita. Choncho musananyamuke, khalani pansi monga gulu, muwerenge mfundozi limodzi ndi amene akukutsogolerani. Ngati ntchito yomwe mwakonza siingapitirire popanda inu, isintheni musanagule tikiti.