Zimene njala inatenga sizinabwere ndi dzinthu

Adzukulu anga, chaka cha 2002 ndinagulitsa mbuzi zanga zonse. Mu February chaka chimenecho a Bakili Muluzi, amene anali pulezidenti, analengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala, koma ife kuno kumapiri a Ntchisi tinali titayamba kale kudya madeya ndi zitsa za nthochi. Yomaliza inali mbuzi yaikazi imene inkabereka mapasa. Ndinaikoka ndi chingwe mpaka kumsika, ikulira njira yonse, ndipo ndalama zake zinangokwana ndowa imodzi ya chimanga. Titakolola, chimanga chinatsika mtengo, anthu anayambanso kuseka pamaliro ndi pamowa. Khola langa lokha linakhalabe lopanda kanthu, pakuti mbuzi zinali zitakwera mtengo ndipo ine ndinalibe choguliranso. Njala inatha m'miyezi yochepa, koma umphawi umene inandisiyira ndinakhala nawo zaka zambiri.

Anthu ophunzira ali nalo dzina la zimenezi. Mu 1881 James Alfred Ewing wa ku Scotland, pofufuza chitsulo ndi maginito, analitcha khalidweli hysteresis, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kutsalira m'mbuyo. Yesani nokha: khulani msomali pa maginito a wailesi yakufa, kenako maginitowo muwachotse. Msomaliwo upitiriza kukoka masingano, chifukwa chimene chinauchitikira chatsalira m'kati mwake. Mu 1986 Olivier Blanchard ndi Lawrence Summers anabwereka mawu omwewa pofotokoza chifukwa chimene ulova ku Ulaya sunatsike ngakhale chuma chinayambanso kuyenda bwino. Amene wakhala nthawi yaitali pakhomo, olemba ntchito amamuiwala.

Koma ine sindinaphunzire zimenezi m'buku. Ndinaziona pamunda wa malemu bambo anga, m'mbali mwa phiri. Mitengo tinadula yomangira zigafa za fodya, ina tinaotcha makala. Mvula iliyonse inkakokolola dothi lakuda lija kupita nalo kudambo, madzi ali psuu. Titazindikira tinaleka kudula, tikuganiza kuti munda ubwerera mwakale. Sunabwerere. Panatsala nthaka youma gwa, yomwe mvula ikagwa madzi amangodutsa pamwamba osalowa, ndi chigwembe chimene lero munthu wamtali akalowamo saoneka. Kudula kunatitengera masabata ochepa. Akalozera, udzu wa vetiva ndi misangu imene ndinabzala yanditengera theka la moyo wanga, ndipo chimanga cha pamenepo chikadali chonyozoloka. Kwerani mukaone nkhalango ya Ntchisi kumene nkhwangwa sinafike: timitsinje ta m'menemo timayenda ngakhale mu October.

Chimene chimandipweteka koposa ndi ana a chaka cha njala chija. A zaumoyo amanena za masiku 1,000 oyamba, kuyambira pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana akapinimbira nthawi imeneyo, nsima ya pambuyo pake sibweza zonse zimene thupi ndi ubongo zinataya. Ndipo si makanda okha: mtsikana amene tinamuchotsa kusukulu kuti akagwire ganyu ku maesiteti a fodya tinkati abwereranso zinthu zikakhala bwino. Zinthu zinakhala bwino, iye n'kuti ali ndi mwana kumsana.

Njala idzabweranso, musadzinamize. Ikadzafika, khalani pansi ndi akunyumba kwanu musanatulutse kanthu pakhomo, ndipo pa chilichonse mudzifunse ngati mudzatha kuchibweza dzinthu zikacha. Wailesi, foni, ngakhale njinga, zimenezo zipite, zimagulidwanso. Mbuzi yaikazi, mbewu, munda ndi mitengo ya kumtunda kwa munda muzigwire zolimba, ndipo katapila wopinyolitsa munda musamuyandikire n'komwe. Mwana asasiye sukulu ngakhale teremu imodzi. Ndipo phala likachepa mumphika, mayi woyembekezera ndi khanda adye poyamba, inu abambo mudye zotsala.